Mmene Ndinaluzira Chitseko kwa Madala Berenado

Pali amuna amene analuza njinga pa juga, ena mbuzi, ena malaya ali pathupi. Amenewo ndimawasirira, chifukwa njinga ukhoza kunama kuti yabedwa. Ine ndinaluza chinthu chosabisika, moti ngakhale galu wodutsa mumsewu ankaima n'kusuzumira m'nyumba mwanga. Nkhaniyi ndakhala ndikuikana zaka zambiri, koma popeza ku Milange kuno aliyense amaifotokoza mmene akufunira, bola ndiinene ndekha.

Tinali titangobwerako ku Malawi, nkhondo itatha. Bayiro yathu, dera limene tinkakhala kale, tinaipeza ili thengo lokhalokha. Pamene panali nyumba ya bambo anga panali patamera mpapaya, ukubereka bwinobwino. Tiyi wa m'munsi mwa phiri la Tumbine anali atakula kuposa munthu. Tinkayenda pang'onopang'ono masiku amenewo, mwina poopa mabomba okwirira, mwina chifukwa sitinkakhulupirirabe kuti tafikadi. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kuphimba mabwinja onse, ndipo umangomva hamala ikulira kwinakwake, woikhomayo osamuona. Munthu umakhala ngati ukulota, ndipo sufuna wina akudzutse.

Ku kampu ya othawa nkhondo tinakhala zaka zonse zija tikutseka pakhomo ndi thumba. Mkazi wanga, mayi a Rozina, sankadandaula za njala kapena za mzere wa pamjigo, koma thumba limenelo linkawapweteka mtima. Ankati, "Tsiku limene ndidzatseke chitseko chenicheni kumbuyo kwanga, ndidzadziwa kuti nkhondo yatha." Choncho ndinagwira ganyu m'minda ya tiyi ya ku Mulanje mpaka ndinagula chitseko cha mkungudza kwa kalipentala wa pa Muloza. Chinali cholemera, chofiirira, ndipo fungo lake linkakhala m'manja tsiku lonse. Pa malire tinachiolotsa tili awiri, ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Titafika tinayamba taimika chitsekocho, makoma n'kubwera pambuyo. Denga linali la udzu ndi lona wakale wa ku kampu, koma pakhomo pokha panali ngati pa nyumba ya adiminisitiradoro, bwanamkubwa wa boma.

Vuto la chitseko chokongola n'lakuti chimanyozetsa denga. Ndinayamba kulota malata. Ndikakhala m'munda, khasu lili m'manja, ndinkamva mvula ikulira pa malata amene ndinalibe. (Mayi a Rozina amati nthawi zina ndinkaima pakati pa mzere n'kumamwetulira kumwamba mpaka nkhuku zinkabwera kudzafukula pamapazi anga.)

Tsopano pafupi ndi msika panali loja, sitolo yakale yogumuka, yopanda denga, khonde lokha n'limene linatsala. Pamenepo masana aliwonse pankakhala Madala Berenado. Anali nkhalamba yowonda, ya jekete loyera limene linaona masiku abwino, ndi zala zazitali zosalala zimene sizinagwirepo khasu. Ntchito yawo moyo wonse inali makadi. Ankasewera masewera amene iwo ankawatchula kuti pokeri: aliyense alandira makadi asanu, asinthako amene sakuwafuna, kenako mumayamba kuika zinthu pakati. Wochita mantha amataya makadi ake n'kutuluka. Otsalawo amaonetsana, wa makadi amphamvu n'kutenga zonse. Chokoma chake, komanso choopsa chake, n'chakuti munthu wopanda kanthu m'manja akhoza kuopseza anzake onse mpaka kuthawa.

Mbiri ya Madala aliyense ankaidziwa, ngakhale eni ake sankaifotokoza yonse tsiku limodzi. Anayamba ali mnyamata woperekera zakumwa ku kalabu ya azungu a kampani ya tiyi. Ankaima kumbuyo kwa mipando ndi thireyi, akuona makadi a aliyense komanso nkhope ya aliyense. Tsiku lina bwana wina ataledzera anawauza kuti amugwirire makadi iye akukataya madzi, ndipo pobwera anapeza mnyamatayo atamupambanira wotchi ya mnzake. Mawa lake anawachotsa ntchito. Kuchokera pamenepo anapita ku Quelimane, kenako ku Beira, kumasewera ndi anthu a m'sitima zapamadzi amene sankamvana nawo chilankhulo. Akuti anapambanapo lole yathunthu n'kuiluzanso asanaphunzire kuiyendetsa. M'nthawi ya nkhondo anasewerapo ndi asilikali a mbali zonse ziwiri, ndipo ankanena kuti luso lawo lalikulu linali limenelo: kuluza kwa munthu wa mfuti mwa njira yoti iye akhulupirire kuti wapambana yekha. Ku kampu sanagwireko khadi ngakhale limodzi. "Munthu wanjala susewera naye," ankatero. "Nkhope yake imanena chinthu chimodzi chokha."

Kasewero kawo kanali kogonetsa tulo. Ankakhala atatsamira khoma, maso otseka theka, ngati akumvera wailesi ya kutali. Makadi ankawayang'ana kamodzi kokha, pang'ono, n'kuwaika chafufumimba. Masana onse ankangotaya, kutaya, kutaya, anyamata a pamsika n'kumaseka kuti madala atha. Ndiye dzuwa likapendeka ankasewera kamodzi kapena kawiri, mwakachetechete, n'kunyamuka ndi zonse zimene zinali pakati. Masiku amenewo ndalama zinali zosowa, choncho pakatipo pankakhala sopo, machesi, nkhuku yomangidwa miyendo, nthawi zina nsapato. Ndipo kumbuyo kwa Madala, atatsamiritsidwa kukhoma, kunali malata atsopano amene anapambana kwa wamalonda wina wa ku Mocuba. Analibe nyumba yoti awakhomepo. Ankangowala pamenepo, dzuwa likawomba, mpaka m'maso mwanga.

Poyamba ndinkangoonerera. Ndinkauza mayi a Rozina kuti ndikupita kukafunsa mtengo wa mbewu. (Mbewu imeneyo ndinaifunsa mtengo pafupifupi mwezi wathunthu.) Amene ankagawa makadi anali a Tomasi, okonza njinga, munthu wabwino amene anandichenjeza tsiku loyamba lomwe.

"Achimwene, kuonerera n'kwaulere. Khalani pomwepo."

Koma ine ndinali nditaona chinthu chimene wina aliyense sanachione. Nthawi zina Madala ankasisita bondo lawo lamanzere. Ndinayamba kulondola. Tsiku lina anasisita, anaopseza mnyamata wina mpaka anataya makadi, ndipo mphepo itatembenuza makadi a Madala ndinaona kuti munalibe chilichonse. Tsiku linanso anasisita, n'kuluza sopo. Munthu amene anagonjetsa Beira yense, chinsinsi chake chinali m'manja mwa ine, mlimi wa nandolo: akasisita bondo, ndiye kuti alibe kanthu. Madzulo amenewo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mapazi sakugunda pansi. Nkhungu ya pa Tumbine inali yofiira, ndipo ndinkaona nyumba yanga ikunyezimira kale kuchokera patali.

Ndinayamba ndi machesi. Ndinapambana. Ndinaika mchere, ndinapambana chipewa cha munthu. Kenako ndinaluza chipewacho, mcherewo, ndi tambala wathu, amene kunyumba ndinanena kuti wagwidwa ndi kabawi. (Kabawi wonyamula tambala wamkulu chotero sanaonekepo m'chigawo chathu chonse cha Zambezia, koma mayi a Rozina anangondiyang'ana n'kupitiriza kusinja.) Sindinadandaule. Ndinkadziwa kuti ndikungodikira tsiku langa.

Tsikulo linafika chakumapeto kwa chilimwe. Kunali kotentha, kopanda mphepo, mitambo itaunjikana kumbuyo kwa phiri. A Tomasi anagawa. Nditasintha makadi awiri ndinayang'ana m'manja mwanga n'kupeza mafumu atatu, onse ndi ndevu zawo, akundiyang'ana ngati abale. Ena onse anataya. Tinatsala awiri, ine ndi Madala.

Ndinaika khasu. Iwo anaika sopo ndi nsapato. Ndinaika lamba. Iwo anatsegula diso limodzi, n'kutsitsa dzanja pa bondo lamanzere. Anasisita. Anasisitanso, mwamphamvu, mpaka nkhope inakwinyika.

"Madala," ndinatero mwachisangalalo, "ikani malata aja."

"Ndipo inu muika chiyani, mwana wanga?"

"Chitseko changa. Cha mkungudza."

A Tomasi anandigwira mkono. "Epa, achimwene! Chitseko chija munaolotsa ndi alamu?"

Madala anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso achisoni. "Pitani kunyumba," anatero. "Tengani khasu lanu, lamba wanu, mupite. Sindikufuna chitseko. Ndilibe ngakhale khoma."

Mukudziwa chimene ine ndinamva m'mawu amenewo? Mantha. Ndinati mumtima, nkhalamba yagwidwa, ikupempha chifundo. Ndinamenya pansi ndi chikhatho. "Onetsani!"

Ndinayala mafumu anga atatu monyadira. Madala anapuma mozama n'kutembenuza awo limodzilimodzi. Ka ziwiri. Ka ziwiri kena. Kachitatu. Kachinayi. Timakadi tating'ono kwambiri m'mpukutu wonse, tinayi tofanana. A Tomasi anachita kundifotokozera kawiri kuti tiana tinayi timagwetsa mafumu atatu, chifukwa makutu anga anali akulira ngati muli njuchi.

Pa juga palibe apilo. Ndinanyamuka kukatenga chitseko.

Mayi a Rozina ndinawapeza akuanula ufa poopa mitambo ija. Bodza linabwera lokha, losaitanidwa.

"Ndapeza munthu wopaka penti," ndinatero. "Akuti tikachisiya chonchi, mvula ichiwononga."

Nkhope yawo inawala. "Zoona, bambo a Rozina? Ndiye muwauze apake wobiriwira ngati wa pa tchalitchi." Anathamangira m'nyumba kukatenga mpeni, ndipo anandithandiza kumasula mahinjesi ndi manja awo, akuimba. Anachipukuta ndi chitenje, n'kundisenzetsa pamutu. (Ngati pali mphindi imene ndimafuna nditaifufuta pa moyo wanga, si ya makadi ija ayi. Ndi imeneyi.)

Ndinadutsa nacho pamsika anthu onse akudziwa kale. Mayi wina wogulitsa tomato anafuula kuti, "Odi kumeneko!" msika wonse n'kugwa ndi phwete. Nditangochitula pakhonde la loja, mvula yoyamba inagwa.

Pakhomo pathu panabwereranso thumba. Tsiku loyamba ndinati penti akuuma. Lachiwiri ndinati wopakayo akuti apake kawiri. Lachitatu ndinati nyengo ya mvula penti amachedwa. Mayi a Rozina ankangoti, "Chabwino," akukolopa madzi amene ankalowa. Lachinayi anati akupita kumsika kukagula mchere, popeza wathu unatha modabwitsa. Ndinawatsatira chapatali.

Madala, posowa khoma, anali atachigoneka chitsekocho pa njerwa n'kuchisandutsa tebulo. Amuna asanu anali atachizungulira, makadi akutsetsereka bwino pa mkungudza wosalala, wina ataikapo ndi chikho cha kachasu. Mayi a Rozina anaima. Ine ndinabisala kuseri kwa njinga za a Tomasi, ndikudikira mkuwo umene ukanamveka mpaka ku Muloza.

Mkuwo sunabwere. Anagwada mwaulemu n'kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, agogo? Chitsekochi n'changa."

"Chinali cha amuna anu, mayi," anayankha Madala mofatsa. "Ndinawauza kuti apite kunyumba, anakana. Za pa makadi sizibwerera. Ndikabweza chimodzi, mawa aliyense abwera ndi mkazi wake."

"Ndamva, agogo. Sindikupempha kuti mubweze."

Anadzuka n'kupita. Madala anatsekanso maso. Ine ndinati zatha, ndipo ndinayamba kuganiza za kumene ndingakagone.

Pasanathe ola anabwerera atasenza mphasa, mbaula, mapoto ndi dengu la nandolo. Anayala mphasa pambali pa tebulo lija, anakoleza moto, n'kukhuthulira nandolo pa chitseko, pakati penipeni pa makadi.

"Pepanitu, abambo, sendezani pang'ono manja," anatero. "Ine ndinalonjeza kuti pamene pali chitsekochi ndi pamene pali nyumba yanga. Ndiye ndasamuka. Inu pitirizani, simukundisokoneza."

Anayamba kusankha nandolo. Utsi wa mbaula unkapita m'maso mwa osewera. Wina akafuna kuika khadi ankapeza pali chipande. Posakhalitsa anafika amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu, popeza linali tsiku lophunzira nyimbo ndipo mayi a Rozina anali atawauza kuti asamukira ku loja. Anakhala mozungulira n'kuyamba kuimba, mawu anayi, nyimbo zonse za kulapa. Ena mwa amayiwo anali akazi a osewera omwewo. Mmodzimmodzi amuna anayamba kukumbukira ntchito zimene anasiya kumunda.

Madala okha sanasunthe. Anakhala moyang'anizana ndi mkazi wanga, chitseko chili pakati, akuwayang'ana ndi maso otseka theka aja. Dzuwa litalowa mayi a Rozina anafunda chitenje n'kugona pamphasa pomwepo, amayi awiri a kwaya akuwaperekeza. M'mawa anasesa khonde lonse, anathirira madzi, n'kupatsa Madala phala. Madala analandira, anathokoza, anadya. Tsiku lachiwiri linadutsa chimodzimodzi: nkhungu kutsika, nkhungu kukwera, nkhalamba ndi mayi atakhala phee, wina akusakaniza makadi opanda wosewera naye, wina akusoka chigamba. Anthu ankabwera kuchokera kumalire kudzaonerera. Ine ndinkabweretsa nkhuni, chifukwa panalibenso china chimene ndikanachita, ndipo palibe amene ankandilankhula.

Tsiku lachitatu masana, mayi a Rozina anafunsa a Tomasi ngati akudziwa munthu woumba njerwa, chifukwa akufuna kukweza khoma la mbali ya kumphepo. Pamenepo Madala anatsegula maso onse awiri, koyamba chiwadziwireni. Anasonkhanitsa makadi awo, anawamanga ndi kalabala, n'kuwaika m'thumba la jekete.

"Ndataya," anatero. "Mayi, ndasewera ndi Agiriki, Amwenye, ndi akapitawo a mfuti m'chiuno. Aliyense ndinkamudziwa pofika madzulo. Inu ndakuyang'anani masiku atatu, ndipo sindikudziwa ngati mukundiopseza chabe kapena mumangadi khomalo. Tengani chitseko chanu. Sindinabweze, mwapambana."

Kenako anandikodola. Ndinayandikira ngati mwana wa sukulu.

"Inu, tandiuzani. Chinakulimbitsani mtima n'chiyani tsiku lija?"

"Bondo lanu, Madala," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Mukalisisita ndiye kuti mulibe kanthu."

Anaseka mpaka kutsokomola, a Tomasi n'kuwamenya pamsana. "Bondo ili ndinagwa nalo pa sitima ku Beira. Limawawa mvula ikayandikira. Limadziwa za mitambo, za makadi silidziwa kanthu." Anapukuta misozi. "Koma mmero wanuwo, mwana wanga! Mukalandira mfumu umakwera. Mukalandira awiri umakwera kawiri. Tsiku lija unkavina. Musadzasewerenso, pokhapokha mutavala mpango."

Chitseko ndinachisenza ndekha pobwerera, kudutsanso pamsika pomwe paja, mayi a Rozina akuyenda kutsogolo ndi mbaula pamutu, amayi a kwaya akuimba kumbuyo ngati tikuperekeza mkwati. Pa mkungudza panali patatsala bwalo la chikho cha kachasu chija, ndipo lilipo mpaka lero. Madala anakhala nafe ku Milange nyengo imodzi yokha ya mvula. Msewu wa ku Mocuba utatseguka bwino anakwera lole, malata awo atagulitsa, akuti akufuna akaonenso nyanja ya mchere asanafe. Ponyamuka anavulira chipewa mkazi wanga. Ine anangondiloza pakhosi.

Makadi ndinasiyadi, zimenezo ndikhoza kulumbira. Koma funso limodzi linkandidya. Patapita miyezi, tsiku lina madzulo tili pakhonde, zinthu zitabwerera m'malo, ndinafunsa.

"Mayi a Rozina, tandiuzani zoona. Khoma lija mukanamangadi?"

Sanatukule mutu pa lichero. "Inu mukuona bwanji?"

Ndinawayang'anitsitsa. Ndinayang'ana maso, manja, ngakhale mmero. Ndinaona kakumwetulira pakona ya mlomo, ndipo nzeru zija zinandibwereranso, zomwe zija.

"Mumangoopseza," ndinatero. "Simukanatha sabata. Ndipo ngakhale ine simungandichite kanthu."

"Chabwino," anatero. Ananyamula lichero, analowa m'nyumba, anatulutsa mphasa yanga ndi bulangete n'kuziika bwinobwino pamapazi anga. Kenako ndinamva loko akuti khethe.

Ndinagona pakhonde masiku anayi. Udzudzu wa ku Milange ndi waukulu, ndipo ulibe chisoni ndi munthu wodziwa kuwerenga nkhope.